Tinamwera Chikho Chimodzi

Thupi la a Ernest Kadzuwa, mphunzitsi wopuma, linapezeka Lachiwiri cha m'ma 11 koloko m'mawa, m'mphepete mwa ngalande yaing'ono ya kusikimu ya Bwanje. Anali atagona chammbali pansi pa chisakasa chawo cha udzu, jombo zili kumapazi, khasu lili potero. Mpunga wawo wa kilombero unali utayamba kuweramitsa ngala, ndipo mbalame zinali zitapezerapo mwayi poona kuti woziingitsa wangoti zii.

Sajenti Aida Namaliya anafika pa njinga yamoto kuchokera ku polisi ya ku Mtakataka. Anali mayi wathupi, wa zaka makumi asanu ndi mphambu, wosadziwa kufulumira. Anzake amene anayamba nawo ntchito anali atakwezedwa kalekale n'kukakhala m'maofesi a ku Lilongwe, koma iye sizinkamuwawa. Kuchigwa kuno nsomba ankagula ikadali yonyowa, ana ake anali atamaliza sukulu, ndipo milandu yambiri inali ya mbuzi ndi njinga. Tulo ankagona tabwino.

Anagwada n'kuyang'ana thupilo. Panalibe bala, panalibe thovu kukamwa, panalibe pamene njoka inaluma. M'dzanja lamanja munali kabotolo kofiirira ka timapiritsi toyera, kotsegula. Pa mtengo wa chisakasa panali jekete, ndipo m'thumba mwake anapezamo kapepala konyezimira ka mapiritsi, mabowo anayi onse opanda kanthu. Anakadziwa. Anali mapiritsi abuluu aja amene abambo amagula monong'ona.

Alimi amene anaunjikana pa mlambala wa ngalande anakaona kapepalako, ndipo ena anayamba kubisa kuseka m'manja.

"Aphunzitsi afera mpikisano," ananong'ona wina. "Kukwatira mwana n'kudzipalira."

Sajenti sanatembenuke. Anaitana mayi wa munda woyandikana nawo, amene anayamba kuliona thupilo.

"Munawaona liti ali moyo?"

"Cha m'ma 9. Anakhala pachisakasa pomwepa ndi alamu awo, a Damiano, atelala a ku Mua. Amacheza, amamwa thobwa. A Damiano atakwera njinga kumapita, aphunzitsi anatenga khasu kukatsegula madzi. Kenako sindinawamvenso akukuwiza mbalame."

"Anakangana?"

"Awo? Chiyambire ubwana wawo ndi chala ndi mkanda."

A Damiano Alick anawapeza masana omwewo pa khonde la shopu yawo ku Mua, makina osokera ataphimbidwa. Uthenga unali utawafika kale. Anali bambo wowonda, waudongo, kolona ili m'khosi. Maso awo anali psuu, nkhope yotentha, ndipo ankangofwenthera m'kansalu.

"Pepani ndi zovutazi, bambo," anatero Sajenti.

"Zikomo, amayi. Ernest anali mlamu wanga. Anakwatira mlongo wanga Jane, malemu. Koma tinali kale pa ubwenzi, tinakhalira benchi imodzi kusukulu ya mishoni."

"Ku Bwanje mumakatani?"

"Lachiwiri lililonse ndimamutengera thobwa. Ndimaphika ndekha, la mawere, lowawasa, ndi mmene amalikondera." Anafwentheranso. "Ngati mukuganiza za thobwalo, amayi, tinamwera chikho chimodzi. Iye amwe, ine ndimwe, mpaka botolo linatha. Mayi wa munda wapafupi anationa. Ine si uyu ndili moyo?"

Zinali zomveka. Sajenti anawapepesanso n'kunyamuka.

M'mawa wa Lachitatu anapita kuchipatala kukaonana ndi Dokotala Kenneth Sambani, amene anapima thupilo. Anali yemweyo amene ankawaona a Kadzuwa pa matenda awo a mtima, komanso amene ankamukalipira Sajenti mwezi uliwonse chifukwa cha mchere.

"BP yanu tiyeza pambuyo," anatero dokotalayo akumukokera mpando. "Magazi a malemu ndatumiza ku Lilongwe, koma ndikadakhala wobetcha ndikadabetcha kale. Pansi pa lilime panali kapiritsi ka mtima, kosasungunuka konse. Ndiye ndi kapepala mwabwera nakoka, nkhani yatha."

"Kwa inu yatha. Ine ndiuzeni ngati mwana wa sitandade 5."

Dokotala anaseka. "Mitsempha ya magazi muiyese ngalande za ku Bwanje. M'kati mwa mtsempha uliwonse thupi limapanga kampweya kena kake, ife timati naitiriki okusaidi. Sikaoneka, sikakhalitsa, koma ndi kamene kamauza mtsempha kuti fewa, tseguka, magazi adutse. Munthu akamayenda, akamalima, akamadya masamba ngati bonongwe ndi mpiru, kamapangika bwino. Ukalamba, fodya, shuga ndi mafuta zikawononga mitsempha, kamachepa. Ndiye BP imakwera, ndipo mtima umayamba kupweteka chifukwa magazi sakuukwanira."

"Ndiye mapiritsi a aphunzitsi aja?"

"Akalowa m'thupi amatulutsa kampweya komweko. Limodzi ankamwa m'mawa uliwonse, ndipo timeneti ta m'kabotolo ankaika pansi pa lilime chifuwa chikawagwira. Mankhwala abwino kwabasi, anawasunga zaka zisanu. Abuluuwa sapanga kampweyako, koma amaletsa thupi kuzimitsa uthenga wake. Paokha, kawirikawiri munthu wopanda matenda a mtima samupha. Koma mukaphatikiza awiriwa, zili ngati mwatsegula zipata zonse za sikimu nthawi imodzi. Madzi amangomwazikana, mphamvu imatha, munda wa kumapeto sulandira ngakhale dontho. Munda wa kumapetowo ndi mtima ndi ubongo."

"Ndiye chizungulire chitawagwira, anathamangira kabotolo kawo."

"Eya. Ankati akudzipulumutsa, osadziwa kuti akutsegula chipata chomaliza."

"Munawachenjeza za mapiritsi abuluuwa?"

"Tsiku loyamba lomwe. Ndimachenjeza bambo aliyense. Anaseka mpaka misozi, iwo ndi alamu awo amene anawaperekeza."

Kunjako Sajenti anaima pa mthunzi wa mtengo wa mango n'kulingalira. Munthu wochenjezedwa angathe kunyozera, zimachitika. Koma bambo wa zaka 66 angamwe mapiritsi oterewa anayi, m'mawa, atavala jombo, mkazi ali ku Mua iye ali ku Bwanje? Ankafuna kukondweretsa ndani, mbalame?

Mphekesera zinali zitaloza kale Felista, mkazi wa malemuyo. Ena ankati ndiye ankawakakamiza mapiritsiwo, ena ankati anawathirira mu tiyi kuti nyumba ya malata imutsalire. Sajenti anamupeza kuseri kwa nyumba ya maliro, atakhala pa mphasa, ndipo anapempha amayi ena kuti awasiye awiri.

"Dzulo m'mawa anadya chiyani?"

"Tiyi ndi mbatata. Tiyiyo anagawana ndi mwana, ankakonda kumuthirira mu sosala."

"Mapiritsi awa munawaonapo?"

Felista anayang'ana kapepalako n'kupukusa mutu. "Bambo ankawaopa ngati moto. Ankachita kuuza anzawo a m'kwaya kuti amene ali ndi matenda a mtima asayerekeze. Anthu aziseka, amayi, koma m'nyumba muno munalibe chosowa. Timakhala bwino."

"Munadziwana bwanji?"

"Ndinabwera kudzasamalira mayi Jane atagwidwa sitiroko. Ndinawasambitsa, kuwadyetsa, zaka zisanu mpaka anatisiya. Patha zaka zitatu. Chaka chatha ndi pamene tinadalitsa ukwati ndi bambo."

Kamtsikana ka diresi yachikasu kanathamanga kudutsa pabwalo. Sajenti anakatsatira ndi maso.

"Wanu?"

"Chifuniro. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi." Felista anazengereza. "Poti mudzamva ndithu, ndikuuzeni ndekha. Anthu ankadziwa kuti bambo ake ndi munthu wa ku Salima. Koma Lamlungu lapitali, abale atabwera kudzadya, bambo anaimirira n'kunena kuti Chifuniro ndi mwana wawo wobereka okha, ndipo akufuna azitchedwa Kadzuwa. Anati atopa kubisa."

"Abale anati bwanji?"

"Ena anaombera m'manja. Alamu a Damiano anangosamba m'manja n'kunyamuka. Koma Lachiwiri anapita ndi thobwa ngati kale, ndiye ndinati mtima wawo watsika."

Sajenti anawerenga zaka zija mumtima: mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, maliro a zaka zitatu zapitazo. Ndiye kuti mwanayo anabadwa mayi Jane akadali moyo. Vuto linali limodzi, chikho chija.

Lachinayi linali la Brighton, mnyamata wa zaka makumi atatu amene ankagulitsa mabatire, sopo ndi zomatira pa msika wa Golomoti, ndi zina zimene sizinkakhala pa tebulo, monga mapiritsi abuluu aja. Atamulowetsa m'chipinda chofunsira mafunso anayamba kutuluka thukuta asanafunsidwe.

"Ine sindinaphe munthu, bwana."

"Ndakufunsa zimenezo? A Kadzuwa unawagulitsa mapiritsi angati?"

"Aphunzitsi? Awo sanagulepo! Anabwera kamodzi kudzandinyoza pagulu, akuti ndidzapha anthu chifukwa sindifunsa ngati ogula ali ndi matenda a mtima. Makasitomala anathawa tsiku limenelo."

"Ndiye unawakwiyira."

"Kukwiya ndinakwiya, koma Lachiwiri ndinali ku Ntcheu kokaoda katundu. Funsani kondakitala aliyense."

"Sabata ino wagulitsa anayi kwa ndani?"

"Lolemba madzulo. Madala ena ovala chipewa, akuti awatuma anzawo amanyazi. Onse amatero, bwana. Ine ndimayang'ana dzanja, nkhope ayi."

Za ku Ntcheu zinapezeka kuti n'zoona. Sajenti anamulanda katundu wobisikayo, anamutsegulira mlandu wogulitsa mankhwala popanda chilolezo, n'kumuuza kuti athokoze Mulungu kuti mlandu wake ndi womwewo.

Lachisanu m'mawa, maliro ataikidwa, anabwerera ku Mua kuti akafunse a Damiano za nkhani ya Lamlungu ija. Shopu inali yotseka. Pakhonde panali mayi wina wachikulire atafumbata nsalu yoyera, nkhope ili gwaa.

"Atelalawa sanabwere?" anafunsa Sajenti.

"Ndikuwadikira nanenso. Maliro ndi maliro, koma ine andichedwetsa. Bulauzi ya Amayi Achikatolika imafunika Lamlungu. Ndinabwera Lachiwiri, uthenga wa maliro usanafike n'komwe, iwo n'kundibweza. Akuti nsalu yanga si yoyera, ndi yabuluu. Taonani inu, iyi ndi yabuluu?"

Nsaluyo inali yoyera mbee.

"Inali nthawi yanji, mayi?"

"Belu la 12 lisanalire. Anali atangofika pa njinga. Maso ali psuu, mphuno zotseka, atagwira mutu. Anaitulutsa padzuwa, akuti ndi yabuluu basi, ngakhale khoma la tchalitchi akuti laoneka labuluu. Ndinati kapena alawa kachasu, koma a Damiano samwa."

Sajenti anapita kuseri kwa shopu n'kuimba foni.

"Adokotala, munthu wopanda matenda a mtima atamwa mapiritsi abuluu aja awiri, angamve bwanji?"

"Mutu kupweteka, nkhope kutentha, maso kufiira, mphuno kutseka, chifukwa timitsempha ta m'menemo timatseguka. Ena zinthu zimawaonekera zabuluu kwa maola angapo. Bwanji, mwapeza wina?"

"Ndapeza munthu amene anayamba kulira maliro asanamve kuti kwagwa maliro."

Atawaitanitsa, a Damiano anafika ku polisi 2 koloko masana, atavala jekete lakuda la kumaliro. Sajenti anawapatsa mpando ndi kapu ya madzi, n'kukhala moyang'anana nawo.

"Bambo Alick, munandiuza kuti thobwa munaphika nokha."

"Ndinatero."

"Munanyamula nokha, palibe wina analigwira."

"Palibe."

"Ndipo munamwera chikho chimodzi. Pamenepo simunaname. Ine ndi amene ndinapusa, ndinaona maso anu ofiira n'kumati ndi chisoni." Anaika kapepala konyezimira kaja patebulo. "Lachiwiri, belu la 12 lisanalire, munabweza mayi wina kuti nsalu yake yoyera ndi yabuluu. Dokotala akuti amachititsa zimenezo ndi mapiritsi awa. Ndiye kuti anali m'thobwa. Inu anangokupwetekani mutu. Alamu anu, amene anali atamwa kale mankhwala a mtima, anawapha. Ndipo tsiku limene dokotala ankawachenjeza, amene anakhala pambali pawo munali inu."

A Damiano anayang'ana kapu ya madziyo. Panja wina ankakankha njinga yophwa tayala.

"Ndinawasinja mu kamtondo ka tsabola," anatero motsitsa mawu. "Ndinaonjezera shuga kuti kuwawa kusamveke. Kapepalako ndinakaika m'jekete iye atapita kukatsuka chikho."

"Chifukwa chiyani njira imeneyi?"

"Kuti anthu amuseke. Kuti afe ndi manyazi a chinthu chomwecho chimene anachimwira mlongo wanga. Jane anakhala naye zaka makumi atatu. Mulungu sanawapatse mwana, koma Jane sanamunyozepo. Ndiye iye ali chigonere, mbali imodzi yakufa, mwamuna wake ali ndi wantchito chipinda chinacho! Mwana n'kubadwira m'nyumba momwemo, n'kumamuika pachifuwa pa Jane kuti amunyamule. Ine ndinkabwera, kumasekerera, kumusokera mwanayo timadiresi."

Anapukuta m'maso.

"Sitiroko yachiwiri inamulanda mawu. Tsiku lomwalira anandigwira dzanja, akungoti, 'Chifuniro, Chifuniro.' Ndinkati akudzipereka kwa Mulungu. Lamlungu lija, Ernest ataimirira monyada, m'pamene ndinamva. Mlongo wanga ankandiuza chimene anamuchita, ine osamva. Zaka zitatu ndakhala ndikumuphikira thobwa munthu ameneyo."

Sajenti analemba zonse, anawawerengera, iwo anasaina. Ankaoneka ngati munthu amene watula katundu.

Felista anafika dzuwa litapendeka, ataperekezedwa ndi mayi Mercy, namwino wopuma amene anali mnzake wa malemu Jane kuyambira ali atsikana. Anapempha kuonana ndi alamu akewo. Sajenti anaganiza kaye, kenako analola, iye ataima pakhomo.

Felista anagwada pansi monga ankachitira masiku onse powapatsa moni.

"Alamu, sindinabwere kudzakutukwanani. A Sajenti andiuza chifukwa chanu. Pali chimene bambo ankafuna kukuuzani Lamlungu lija mukadapanda kunyamuka."

A Damiano anayang'ana kukhoma.

"Mayi Jane ndi amene anatiitana. Sitiroko yoyamba ija pakamwa panali pabwinobwino. Anatikhazika pa bedi lawo, ine ndi bambo, n'kunena kuti sakufuna kufa nyumba ilibe mwana. Bambo anakana miyezi ingapo. Ine ndinalira, ndinafuna kubwerera kwathu. Koma mayi sanasiye."

"Bodza," anatero a Damiano.

"Ine ndinalipo, Damiano," anatero mayi Mercy. "Ndinamuletsa, sanandimvere, umamudziwa mlongo wako. Mwanayo ndinamubadwitsa ndine, ndipo dzina anamutcha ndi Jane. Anatilumbiritsa kuti tisakuuze. Anati, 'Achimwene ndi munthu wa tchalitchi, ziwapweteka. Ndidzawauza ndekha mwana akakula.' Ndiye mawu anamuthera asanakuuze."

A Damiano anatembenuka pang'onopang'ono.

"Nanga tsiku lija... atandigwira dzanja..."

"Ine ndinali kumiyendo kwa bedi," anatero Felista. "Dzanja linalo ankalozera pakhomo, pamene mwana anaima. Sankakudandaulirani, alamu. Ankakusiyirani mwanayo."

A Damiano anatsetsereka pa mpando mpaka mawondo anagunda simenti, n'kugwira mutu ndi manja awiri. Kulira kwawo kunamveka mpaka pa kauntala, ndipo wapolisi amene anali pamenepo anasiya kulemba.

Sajenti Namaliya anawasiya alire. Pa ntchito yake yonse anali ataona anthu ambiri akulira chifukwa chogwidwa, koma awa sankalirira zimenezo. Patapita nthawi anawagwira paphewa n'kuwadzutsa.

Ali pakhomo la selo, a Damiano anacheuka.

"Mwanayo mwamuuza chiyani?"

Felista anakonza mpango wake wakuda kumutu.

"Palibe. Kuyambira dzulo akungofunsa kuti amalume abwera liti kudzamuyeza yunifolomu."